Dzino lomwe lada lisazulidwe msanga: mmene amaliyeretsera kuchokera mkati

Pali anthu amene akafuna kuseka amayamba agwira pakamwa. Mukawayang'anitsitsa mupeza kuti mano onse ali bwinobwino, kupatula limodzi lakutsogolo lomwe lathimbirira ngati lapakidwa phulusa. Mukafunsa mbiri yake, nthawi zambiri imabwerera ku tsiku limodzi: anagwa pa kabaza, anawombana ndi mnzake pa mpira, chogwirira cha mjigo chinam'menya pakamwa ali mwana, kapena anathiridwa chibakera. Dzinolo linagwedera masiku angapo, ululu unatha, nkhani n'kuiwalika. Patapita miyezi, pena zaka, dzino lija linayamba kusintha mtundu mwakachetechete.

Zikatero munthu amayamba kulimbana nalo. Amalikwecha ndi makala, phulusa, mchere, soda wothira madzi a mandimu. Wina amagula mankhwala otsukira mano olembedwa kuti amayeretsa. Dzino silisintha. M'malo mwake nkhama zimatupa, ndipo mano oyandikana nalo amayamba kuwawa akakhudza madzi ozizira chifukwa chikopa chawo chayamba kutha. Mapeto ake amangoti "lawola basi," ndipo ulendo wa kuchipatala umakhala wokazula. Ichi ndi chomwe chimandipweteka mtima. Dzino lakutsogolo lomwe lada chifukwa chovulala kawirikawiri limakhala lisanawole. Muzu wake ndi wolimba, mutu wake ndi wathunthu, ndipo pali njira yakale, yosalira makina odula, yolibwezera mtundu popanda kulizula kapena kulisema. Njirayo ndi yoika mankhwala oyeretsa mkati mwenimweni mwa dzinolo. Koma ili ndi malamulo ake, ndipo wowaphwanya akhoza kutaya dzino lomwe amati alikongoletse.

Mwaye uli mkati mwa galasi

Amene anakulira pa nyali ya parafini amva msanga. Galasi likada ndi mwaye, mukhoza kulipukuta kunja tsiku lonse koma kuwala kukhalabe kwa chizimezime. Mpaka mutalichotsa n'kulowetsa kansanza mkati.

Dzino lili ndi zigawo zitatu. Kunja kuli enamel, chikopa cholimba kuposa china chilichonse m'thupi la munthu, kuposa ngakhale fupa. Ambirife timaganiza kuti chikopachi n'choyera ngati njereza, koma zoona zake n'zakuti chimalola kuwala kudutsa, moti mtundu umene timauona pa dzino kwakukulu ndi wa chomwe chili kuseri kwake. Kuseriko kuli dentine, yomwe ndiyo thunthu la dzino, yachikasu pang'ono mwachibadwa. Pakatikati pali kachipinda kamene kamapitirira ngati kanjira mpaka kunsonga ya muzu, ndipo mmenemo muli mtima wa dzino: timitsempha ta magazi pamodzi ndi mitsempha yomwe imatiuza kuti tiyi watentha kapena madzi azizira.

Dentine si mwala wogwirana. Yadzaza ndi timipaipi tosaoneka ndi maso, masauzande ambirimbiri pa kamalo kofanana ndi mutu wa phini, tochoka m'kachipinda kaja kulowera kunja. Timipaipiti musatiiwale. Utoto umalowera mmenemo, mankhwala oyeretsa amautsatira mmenemo, ndipo ngozi yaikulu ya chithandizochi imadutsanso momwemo.

Dzino likamenyedwa mwamphamvu, timitsempha ta mkati timaphulika ndipo magazi amakankhidwira m'timipaipi tija. N'chimodzimodzi ndi chala chomwe mwachitswanya ndi hamala: magazi amaundana pansi pa chikhadabo n'kuda bii. Kungoti chikhadabo chimakula n'kutaya mbali yakudayo, pamene dzino silikula. Poyamba limaoneka lofiirira. Maselo a magazi akamaphwanyika amasiya zotsalira zokhala ndi ayironi, ndipo dzino limayamba kutuwa, kenako kuda. Ngati mitsempha inaduka kunsonga ya muzu, mtima wa dzino umafa n'kuyamba kuvunda mkati momwemo, tizilombo timalowa, ndipo zovundazo zimawonjezera utoto. Zikakhalitsa utotowo umazama. Mswachi sufikako, kaya mutsuke kangati pa tsiku.

Pali gulu linanso, la anthu amene anachita zoyenera: anapita kuchipatala, dokotala anaboola dzinolo, kutsuka muzu ndi kuutseka, koma patapita nthawi dzino linadabe. Apa chifukwa chake chimakhala m'ntchito yomwe inagwiridwayo. Kachipinda ka dzino lakutsogolo kali ndi timakona tosongoka tonga nyanga, toloza kumene timalumira, ndipo ngati khomo lomwe linabooledwa linali laling'ono, timinofu timatsalira m'makonamo n'kuvunda. Pena zotsekera muzu zinasiyidwa zitasefukira m'mutu wa dzino m'malo mothera m'muzu. Mankhwala ena omatira akale anali ndi siliva, ndipo ena opha tizilombo a m'banja la tetracycline amadetsa dzino akakhalitsa mkati. Kusiyanitsa zimenezi n'kofunika, chifukwa utoto wa magazi ndi wa mnofu wovunda umamvera mankhwala, koma wochokera ku zitsulo monga siliva kapena amalgam, chomatira mano chachitsulo chotuwa, umakanirira.

Chatsitsa dzaye

Akuluakulu amati umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Dokotala wa mano wodziwa ntchito yake sathamangira kuboola. Amayamba afunsa: linavulala liti, linayamba liti kuda, linawawapo, pa nkhama panatulukapo kachithupsa? Kenako amaligogoda, amalikhudza ndi thonje lozizira kwambiri kuti aone ngati mukumva, n'kujambula X-ray kuti aone muzu ndi fupa lozungulira nsonga yake. Amatero chifukwa si dzino lililonse losintha mtundu lomwe lafa, pamene kuyeretsa kuchokera mkati ndi kwa dzino lakufa lokha.

Dzino lina likavulala limadera kwa milungu kapena miyezi ingapo, kenako thupi limayamwa magazi aja ndipo mtundu umabwerera wokha. Loterolo limangofuna kuliyang'anira. Lina m'malo motuwa limasanduka lachikasu kwambiri. Apa mtima wa dzino sunafe, koma chivulalireni wakhala ukumanga dentine yambiri mpaka kachipinda kaja katsala pang'ono kutsekeka. Mano ambiri otere amakhala zaka ndi zaka osavuta, ndipo mwini wake akafuna kuti liyere, dokotala amayamba ndi kuliyeretsa chakunja. Dzino loyamba la mwana, lija limadzaguluka, nalo siliyeretsedwa mkati: limayang'aniridwa, ndipo likachita mafinya limathandizidwa kuti lisawononge lachiwiri lomwe likubwera.

Kuno kwathu pali vuto lina lomwe anthu amalisokoneza ndi limeneli. M'madera monga Nathenje m'boma la Lilongwe, mbali zina za Balaka ndi Machinga, komanso kuchigwa cha Shire, madzi a m'mijigo ina ali ndi fluoride, mchere wachilengedwe wochokera m'miyala, wopyola mamiligalamu 1.5 pa lita, omwe ndi malire amene bungwe la World Health Organization limalangiza. Mwana akamamwa madziwo mano ake achiwiri akadali kuumbika m'nsagwada, amamera ali ndi mawanga oyera ngati choko kapena mizere yofiirira ngati dzimbiri. Sivuta kuzindikira: silikhala dzino limodzi, amakhala angapo, kumanja ndi kumanzere mofanana, ndipo anthu ambiri m'mudzimo amakhala nawo. Manowa ndi amoyo, chilema chili pa enamel, choncho amathandizidwa chakunja. N'chimodzimodzinso mano omwe anatuwa chifukwa mwana anamwa tetracycline asanakwanitse zaka 8, kapena mayi ake anamwa ali oyembekezera. Kumayiko ena anayesapo kupha dala mano amoyo otere kuti awayeretse mkati. Kwa ine kumeneko n'kulakwa. Mtima wa dzino ukachotsedwa subwereranso, ndipo maonekedwe okha sangakhale chifukwa chokwanira chophera chinthu chamoyo.

Muzu choyamba

Dzino likapezeka kuti lafadi, ntchito yoyamba ndi yomwe madokotala amaitcha root canal. Amaboola kakhomo kuseri kwa dzino, mbali yoyang'ana mkati mwa kamwa, kotero kuti kumaso kwake sikukhudzidwa. Amachotsa zovunda zonse, amapala ndi kutsuka kanjira ka muzu ndi mankhwala opha tizilombo, kenako amakatseka mpaka kunsonga ndi gutta-percha, chinthu chonga labala chopangidwa ndi utomoni wa mtengo wina wa ku Malaysia ndi Indonesia. Ngati ntchitoyi inagwiridwa kalekale, X-ray iyenera kusonyeza kuti muzu unatsekedwa mothina mpaka kumapeto, ndipo dzino lisakhale likuwawa kapena kutulutsa mafinya. Zikakhala zokayikitsa, amayambiranso. Kuyeretsa dzino lomwe lili ndi mafinya kunsonga kuli ngati kupaka laimu nyumba yomwe chiswe chadya nsanamira.

Nzeru yoyeretsa dzino lakufa si ya dzulo. M'chaka cha 1864 James Truman wa ku Philadelphia ankagwiritsa kale ntchito chlorine, mankhwala a m'banja limodzi ndi Jik yemwe timachapira, ndipo mu 1884 A. W. Harlan wa ku Chicago analemba za hydrogen peroxide, yemwe uja amachita thovu akathiridwa pa chilonda. Kwa zaka zambiri njira yotchuka inali yothira peroxide wamphamvu, wa 30 mpaka 35 peresenti, m'dzinomo n'kumutenthetsa ndi chitsulo chamoto kapena nyale yowala kwambiri kuti agwire msanga. Mu 1961 Spasser anafotokoza njira yofatsa: kukanda ufa wa sodium perborate, womwe umapezekanso mu sopo wina waufa, ndi madzi, kuuika m'kachipinda ka dzino, kutseka, wodwala n'kumapita kwawo. Patapita zaka ziwiri, mu 1963, Nutting ndi Poe anasakaniza ufawo ndi peroxide wa 30 peresenti m'malo mwa madzi. Njirayi inatchuka ndi dzina loti walking bleach, kutanthauza kuti dzino limayera mwini wake akuyenda, ali ku ntchito, ali kumsika, ali m'tulo.

Mankhwala onsewa mathero ake ndi amodzi: amatulutsa okosijeni waukali. Utoto wa m'dzino ndi tinthu tolumikizana ngati unyolo, ndipo kulumikizanako ndi kumene kumameza kuwala n'kuchititsa dzino kuoneka lakuda. Okosijeni uja amayenda m'timipaipi ta dentine, njira yomwe magazi anadzera, n'kudula unyolowo m'tizidutswa tosameza kuwala. Palibe chomwe chapalidwa, palibe penti yemwe wapakidwa. Dentine ikayera, kuyerako kumaonekera pa enamel monga lawi limaonekera m'galasi lotsukidwa.

Pa tsiku loyamba dokotala amafanizira dzinolo ndi timano toyerekezera ta mitundu yosiyanasiyana n'kujambula chithunzi, chifukwa maso a munthu amaiwala msanga pomwe zinayambira. Amatchinga dzinolo ndi kansalu ka labala kuti mankhwala asakhudze nkhama ndi lilime. Nthawi zambiri jakisoni wochititsa dzanzi safunika, poti dzinolo lilibe mtsempha womva ululu. Amatsegula kakhomo ka kuseri kaja, amachotsa simenti yakale, n'kukolopa timakona tonse tija mosamala, osadya dentine yabwino chifukwa ndiyo mphamvu ya dzino. Pena kukolopa kokhako kumachotsa kale gawo la kudako.

Chitsekerero cha pakhosi

Tsopano tafika pamene pagona nkhani yonse, pa chinthu chomwe wodwala sachiona ndipo sangachimve. Dokotala amachotsa gutta-percha mamilimita 2 kapena 3 kupyola pakhosi pa dzino, pamene enamel imathera ndipo muzu umayambira. Pamalopo amaikapo simenti, kawirikawiri glass ionomer, yokhuthala mamilimita osachepera 2, yotseka pakamwa pa muzu ngati chitsekerero cha botolo. Mankhwala oyeretsa ayenera kukhala pamwamba pa chitsekererochi basi.

Chifukwa chake chinadziwika pambuyo poti mano ena awonongeka. Mu 1979 Harrington ndi Natkin a ku University of Washington anafotokoza za achinyamata angapo omwe mano awo, ovulala kale n'kuyeretsedwa ndi peroxide wamphamvu pamodzi ndi kutentha, anayamba kudyeka pakhosi patapita zaka. Zimachitika motere. Timipaipi ta pakhosi pa dzino timakathera pafupi ndi minyewa yomwe imagwira dzino ku fupa. Mwa anthu ena enamel ndi chikopa cha muzu sizikumana bwino pamenepo, pamatsala kampata, ndipo kuvulala kumatha kuwonjezera timing'alu. Mwa achinyamata timipaipito timakhalanso totakasuka. Peroxide akadontha kudzera mmenemo amapsereza minyewa ija, ndipo thupi limatumizako maselo odya fupa ndi muzu. Maselowa si achilendo: ndi omwe aja amadya mizu ya mano oyamba a mwana kuti aguluke, n'chifukwa chake dzino la mwana limagwa lopanda muzu. Pa mwana ndi ntchito yabwino. Pa dzino la munthu wamkulu ndi tsoka, chifukwa kumbuyo kulibe lina lomwe likudikira.

Choopsa chake n'chakuti kudyekaku sikupweteka. Kumayenda mobisa pansi pa nkhama, ndipo pena chizindikiro choyamba ndi kadontho kofiirira pakhosi pa dzino, kapena kamthunzi pa X-ray. Kukagwidwa msanga, dokotala amatha kukolopa malowo n'kumata. Kukachedwa, dzino limathyoka pakhosi.

Ndisakuopsezeni mopyola muyeso. Vutoli si la tsiku ndi tsiku, ndipo kuyeretsa si gwero lake lokhalo. Geoffrey Heithersay wa ku Adelaide, yemwe anafufuza mano ambiri odyeka chotere, anapeza mu 1999 kuti mawaya owongolera mano ndi kuvulala kwenikweniko zinkapezeka m'mbiri ya manowo kawirikawiri kuposa kuyeretsa. Koma kuvulala sitingakubweze, pamene mphamvu ya mankhwala, kutentha ndi chitsekerero zili m'manja mwa dokotala. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 Ilan Rotstein ndi anzake ku Jerusalem anasonyeza zinthu ziwiri zomwe zinathandiza kwambiri: kuti simenti yokhuthala mokwanira imachepetsa kudontha kwa peroxide kulowera m'muzu, ndi kuti sodium perborate wokandidwa ndi madzi amayeretsa mofanana ndi wokandidwa ndi peroxide wamphamvu, kungoti amatenga nthawi yotalikirapo. Ngati zili choncho, ine sindiona chifukwa choikira dzino pa chiswe pofuna kupulumutsa sabata imodzi. Chitsulo chamoto chija madokotala ambiri anachisiya kalekale.

Masiku ano ena amagwiritsa ntchito carbamide peroxide, mankhwala onga mafuta odzola omwe amatulutsa peroxide pang'onopang'ono. Wa 10 peresenti amapereka hydrogen peroxide wokwana pafupifupi 3.5 peresenti. Abale athu okhala ku Britain ndi ku Ulaya akumana ndi carbamide peroxide kawirikawiri, chifukwa malamulo a kumeneko salola mankhwala oyeretsa mano otulutsa peroxide wopyola 6 peresenti, ndipo perborate analetsedwa m'zokongoletsera thupi poopa kuti boron yemwe ali mu ufawo angasokoneze uchembere. Kumayiko ena ambiri perborate akugwirabe ntchito. Palinso njira yomwe inafotokozedwa mu 1997, yosiya kakhomo ka kuseri kotsegula, wodwala n'kumadzithira yekha carbamide peroxide m'dzinomo ndi m'kapulasitiki kovala pa mano, kuti liyere mkati ndi kunja nthawi imodzi. Imafulumira, koma imafuna munthu wosamala, wotsuka kabowoko akadya ndi wobwerera pa tsiku lomwe wauzidwa. Woiwalaiwala asaiyese, chifukwa dzino losiyidwa pululu kwa miyezi limadzaza zakudya n'kuyamba kuwoladi.

Tibwerere ku mpando wa dokotala. Chitsekerero chikauma, amalongeza mankhwala m'kachipindamo n'kutseka khomo ndi simenti yongoyembekezera. Simentiyi iyenera kugwira zolimba, poti mpweya womwe ukutuluka mkatimo umaikankha, ndipo ikadontha mankhwala amathera m'malovu dzino osasintha. Pakapita masiku 3 mpaka 7 mumabwerera, amaona pomwe lafika, amatsuka n'kuikamo atsopano. Mano ambiri amafuna maulendo awiri mpaka anayi. Lomwe linada kalekale likhoza kupitirira apo. M'masabata amenewa dzino lili ndi mphako, choncho nzimbe, chimanga chokazinga ndi kutsegula botolo ndi mano zidikire. Simenti ikagwa musatseke ndi thonje n'kumadikira tsiku lanu, bwererani msanga. Madokotala ambiri amalisiya liyere pang'ono kuposa anzake, chifukwa m'masabata otsatira mtundu umabwerera pang'ono n'kukhazikika.

Dzino likayera, wodwala amafuna litsekedwe tsiku lomwelo kuti nkhani ithe. Apa mpamene pamafunika kukumbuka kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Okosijeni wotsalira mu dentine amalepheretsa composite, simenti yoyera ija amaumitsa ndi nyale yabuluu, kumatirira bwino. Choncho amatsuka mankhwala onse, ena n'kuikamo mankhwala ena otchedwa calcium hydroxide, kenako kudikira sabata imodzi kapena ziwiri asanamate komaliza. Kumata komalizaku si kongotsekera bowo. Kukadontha m'mbali, tiyi, khofi, fodya ndi tizilombo zimalowa ndipo dzino limayambanso kuda. Mtundu wa simentiyo nawo umaonekera kumaso kwa dzino, n'chifukwa chake amasankha yoyererapo, yomwe ikhozanso kuzindikirika mosavuta ngati kudzafunika kutsegulanso.

Ndipo kutsegulanso kumachitika. Amene akulonjezani kuti layera mpaka kalekale sakunena zoona. Mano ambiri amayera bwino poyamba, koma pakapita zaka ena amayambanso kuthimbirira, ngakhale kuti kawirikawiri safika pomwe anali. Ubwino wake ndi wakuti ntchitoyi ikhoza kubwerezedwa, ndipo dzino limakhala likadali lanu lomwe.

Yerekezani ndi njira zina. Kuti dzino lakutsogolo livekedwe crown, chisoti chija chadothi lowotcha, limasemedwa mbali zonse mpaka kutsala kachitsa, ndipo gawo loposa theka la mutu wake limapita. Zomwe zasemedwa sizimeranso, chisoticho chili ndi zaka zake, ndipo nkhama zikayamba kutsika muzu wakuda uja umasuzumira m'mphepete. Kuzula ndiye kumasiya mpata pamaso penipeni, fupa la pamenepo limaphwa, mano oyandikana amapendekera, ndipo dzino loikirira limafuna ndalama zina. Sindikunena kuti crown ndi woipa. Dzino lomwe linathyoka kwambiri, lodzaza simenti mbali zonse, kapena lomwe kuda kwake ndi kwa zitsulo, kuyeretsa sikungalithandize mokwanira, ndipo lomwe lang'ambika mpaka kumuzu pena limayenera kuzulidwa ndithu. Mayi woyembekezera nayenso amalangizidwa kudikira, poti nkhani ya mtundu si yachangu, ngakhale kuti mafinya a m'muzu sadikira. Koma pamene mutu wa dzino uli wathunthu, n'kwanzeru kuyamba ndi njira yomwe simachotsa kanthu. Ikakanika, crown alipobe. Mukayamba ndi crown, kubwerera kulibe.

Ndikudziwa kuti kwa ambiri kuno kwathu funso lenileni ndi loti kodi zimenezi tikazipeza kuti. Madokotala a mano ndi ochepa kwambiri m'dziko muno. Maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anayamba mu 2019 ku College of Medicine, yomwe tsopano ili mu Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow, ndipo kwa zaka zambiri ntchito yaikulu yakhala pa mapewa a madental therapist, azachipatala a mano amene alibe digiri ya udokotala, ophunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences. M'zipatala zambiri zing'onozing'ono zipangizo zomwe zilipo ndi zozulira, ndipo odwala ambiri amafika dzino litatheratu. Choncho munthu wa dzino lakuda koma lolimba ayenera kunena yekha momveka kuti akufuna lisungidwe, n'kupempha kuti atumizidwe komwe amajambula X-ray ndi kuchita root canal, kaya ndi kuchipatala chachikulu kapena kwa dokotala woyima payekha wolembetsedwa ku Medical Council of Malawi. Kuyeretsako pakokha sikulira zida zambiri. Chomwe chimadya nthawi ndi ndalama ndi muzu, ndipo muzuwo umayenera kuthandizidwa ngakhale mutakhala kuti mtundu simukuusamala, chifukwa dzino lakufa losiyidwa limatha kuyambitsa chotupa chomwe chimadya fupa mwakachetechete.

Mankhwala oyeretsa omwe akugulitsidwa pa intaneti ndi m'masaluni sangalowe m'malo mwa zimenezi. Akagwira n'komwe, amayeretsa mano amoyo oyandikana nalo, ndipo lakuda lija limaonekera kuposa kale. Kudzithira nokha peroxide wa tsitsi kapena Jik m'bowo la dzino ndiye musayerekeze: kumawotcha nkhama, ndipo mulibe chitsekerero chilichonse choteteza khosi la dzino.

Mukakhala pa mpandopo, muli ndi ufulu wofunsa. Funsani ngati X-ray ikusonyeza kuti muzu watsekedwa bwino. Funsani ngati aika simenti pakamwa pa muzu asanathire mankhwala, ndi mankhwala ati, komanso ngati akufuna kutenthetsa. Dokotala wodziwa ntchitoyi sakhumudwa ndi mafunso otere. Pemphani kuti X-ray yoyambayo isungidwe, kapena muijambule pa foni yanu, chifukwa ndiyo idzafanizidwe ndi zotsatira. Ntchito ikatha, bwererani pakapita chaka kuti akajambulenso khosi la dzinolo, ndipo muzitero kwa zaka zingapo ngakhale lisakuwawa. Mukadzaona kadontho kofiirira m'mphepete mwa nkhama, kapena nkhama za pa dzino lokhalo zikutuluka magazi potsuka, musadikire kuti chaka chikwane.